Njerwa Ziwiri Uku, Njerwa Ziwiri Uku

"Gwirani apa," anatero a Toktosun. "Ayi, osati apo. Apa, pafupi ndi chitseko. Mukumva chiyani?"

A Kubat, aneba awo, anavula golovesi ndi mano n'kuika chikhatho pa paipi. Anachichotsa msangamsanga.

"Apa pakuotcha."

"Chabwino. Tsopano yendetsani dzanja kulowera kuzenera."

A Kubat anayendetsa dzanja pang'onopang'ono, mutu ataupendeketsa ngati akumvetsera nyimbo yakutali. "Apa pafunda. Apa pafundako pang'ono. Apa... Iii! Achimwene, apa ndiye mtembo weniweni."

"Ndiye mundiuze," a Toktosun anatambasula manja. "Paipi ndi imodzi. Madzi ndi omwewo. Moto ndi womwewo. Zingatheke bwanji kuti mutu ukhale wamoyo miyendo itafa?"

Meder, mwana wa a Toktosun, anaima pakhomo akuyang'ana nsapato zake. Amuna atatuwo akamapuma, mpweya unkatuluka m'kamwa ngati utsi, chonsecho anali m'nyumba.

Linali Lachinayi, pakati pa Januwale, mwezi umene kuno kumapiri a Naryn ngakhale galu amaganiza kawiri asanatuluke panja. Nyumba ya a Toktosun inkafunda monga zifundira nyumba zathu zonse: mbaula ya malasha kukhitchini imatenthetsa madzi, madziwo amayenda okha m'mapaipi kuzungulira zipinda, akazizira amabwerera kumbaula. Zaka zonsezi zinkayenda popanda nkhani. Nkhani inabwera ndi chipinda chatsopano chimene Meder anawonjezera kumbali kwa nyumba m'nyengo yotentha, mkazi wake Sezim ali ndi pakati.

Chipindacho chinafunika rediyeta yake, chitsulo chimene madzi otentha amadutsamo kuti chipinda chifunde. Meder atanena zokagula kutawuni, bambo ake anamuyang'ana ngati watukwana. Iwo anawotcherera zitsulo zaka makumi atatu pa famu ya boma, ndipo theka la mageti a m'mudzi muno ndi ntchito ya manja awo.

"Mdzukulu wanga azifundidwa ndi kachitsulo ka m'sitolo ine ndili moyo?" anatero.

Anatenga mapaipi awiri onenepa ngati mkono wa munthu wodya bwino, otalika kuchokera kuchitseko mpaka kuzenera, n'kuwalumikiza kumapeto. Madzi otentha ankayenera kulowa mu yam'mwamba, kuyenda mpaka kuzenera, kutsikira mu yam'munsi, n'kubwerera. Anaikhazika pa njerwa, ziwiri mbali iyi, ziwiri mbali inayo, n'kuipaka penti yoyera. Kukongola kwake, eti! Anthu ankabwera kudzangoiona. Koma kutentha kunkangofika pakati pa paipi yam'mwamba n'kuima, ngati bulu amene waona mlatho.

Ndiye mwana anabadwa, kamtsikana, agogo ake n'kukatcha Umut. Tsiku limeneli anali ndi masiku khumi ndi awiri. Mwana wa m'chikuta amayenera kukhala m'chipinda chake masiku makumi anayi, kutali ndi maso a alendo. Koma m'chipinda chatsopanocho madzi a m'kapu ankaundana gwa. Hita yamagetsi anaiyesa, koma magetsi athu a m'Januwale mukuwadziwa, waya ankangofiira pang'ono ngati diso la munthu amene sanagone. Choncho Sezim ndi khanda lake ankagona kukhitchini, kuseri kwa nsalu, pambali pa mbaula. Aliyense wolowa m'nyumba ankadutsa pomwepo ndi mphepo yake. Malasha akathiridwa, utsi ndi fumbi zinkawapeza pomwepo. Lachiwiri Umut anayamba katsokomola.

Mayi ake a Sezim, mai Anara, anakamva katsokomolako pafoni ali kumzinda wa Bishkek. Sanachulutse mawu. Anapempha kulankhula ndi asewere awo aakazi, mai Burul.

"Asewere, ndikubwera Loweruka masana ndi galimoto. Ndikadzapeza mdzukulu wanga akugonabe pamalasha, ndidzamutenga pamodzi ndi mayi ake. Mudzawaona chisanu chikatha."

Chisanu chathu chimatha mu Epulo, chikafuna. Mai Burul analira. A Toktosun sanadye mkate tsiku limenelo. Ana awo ena onse anapita kutali kukagwira ntchito, zidzukulu ankangoziona pafoni. Uyu yekha ndiye anabadwira m'nyumba mwawo, ndipo mudzi wonse ukanadziwa kuti anachotsedwa chifukwa chitsulo cha a Toktosun chinakanika.

"Moto wachepa," anagamula a Kubat, akuvalanso golovesi. A Kubat ndi dalaivala wa thirakitala, koma palibe nkhani pansi pano imene alibe nayo yankho. "Madziwa ndi aulesi. Akufuna chikwapu. Thirani malasha."

Anathira malasha. Anathiranso. Mbaula inafiira, mapaipi a m'nyumba yakale anayamba kulira kuti gu! gu! gu! Kenaka thanki ya kudenga inawira n'kusefukira, madzi akuda n'kuyamba kudontha pa siling'i, pamwamba penipeni pa mitsamiro ya mai Burul.

"Mayo ine! Mukufuna kutiphika?" anakuwa mai Burul akuthamanga ndi beseni.

A Toktosun anathamangira ku chipinda chatsopano n'kugwira paipi kuzenera. Inali yozizira ngati poyamba.

"Ndiye kuti muli chotseka," anatero a Kubat osachita manyazi. "Kachitsulo kanagwera mkati powotcherera."

"Powotcherera ndani?"

"Aa, achimwene, ngakhale nyani wamkulu amaphonya nthambi."

"Nyani ndinu. Ndinasuzumira mkati ndi tochi ndisanatseke. Munali mowala ngati mu mfuti."

Komabe anatenga hamala n'kuyamba kugogoda paipi kuyambira kuchitseko mpaka kuzenera. Penti yoyera ija inagamphuka. Mkati munamveka kuti khulu khulu, ngati m'mimba mwa munthu wanjala, kenaka zii. Umut anadzidzimuka kukhitchini n'kuyamba kulira.

Sezim anamunyamula n'kumamugwedeza, mtima ukumuwawa. Khulu khulu ameneyo ankamudziwa bwino. Asanakwatiwe anagwira ntchito zaka zitatu ku Bishkek, m'sitolo yogulitsa mapaipi, mipopi ndi mbaula. Tsiku lililonse mapulambala ankatsamira pakauntala yake n'kumadandaula za ntchito zawo, ndipo iye anali ndi makutu. Vuto la rediyeta ija analizindikira tsiku loyamba lomwe.

Nanga bwanji sananene? Ofunsa choncho si akuno. Mtengwa salankhula ndi apongozi ake aamuna maso ndi maso. Dzina lawo salitchula. Akalowa amawerama, akamathira tiyi maso amakhala pa kapu. Mabanja ena a m'tawuni anazisiya zimenezi, koma osati kwa a Toktosun. Chaka chonse chimene Sezim anakhala pakhomopo sanalankhulepo nawo ngakhale liwu limodzi, ndipo iwo ankamuyamikira kwa anthu chifukwa cha chimenecho. "Mpongozi wanga ndi wa m'tawuni, koma mwambo ali nawo," ankatero. Ndiye liwu lake loyamba likhale lakuti chitsulo chanu mwachikhazika molakwika?

Madzulo dzuwa lisanalowe, a Toktosun atapita kukhola kukapatsa nkhosa udzu, Sezim anakoka mwamuna wake malaya.

"Bambo a Umut, mu paipi muja muli mpweya."

"Mpweya? Mmene tadzazamo madzi muja?"

"Mpweya umathawira pamalo okwera. Mbali yakuzenera ndi yokwera kuposa yakuchitseko. Mpweya wakhala kumeneko, watseka njira, madzi akulephera kudutsa."

"Iwe, si waona wekha? Njerwa ziwiri uku, njerwa ziwiri uku."

"Njerwa zilibe mlandu. Simenti yapansi ndiyo inapendekeka. Ndakolopa m'chipinda muja miyezi itatu ine. Ndikathira madzi kuzenera ndimakawapeza kuchitseko, akundidikira."

Meder anakhala pansi pa mpando ngati wina wamukankha. Anayang'ana kuchitseko, n'kutsitsa mawu.

"Simenti ija ndinathira ndine. Bambo anali kumapiri ndi nkhosa. Atabwera anandifunsa ngati ndinaika levulo yoonera ngati pansi papendekeka. Ndinati inde."

"Ndiye munaika?"

"Levulo inali kwa a Kubat, iwo atapita ku ukwati. Simenti inali ikuuma. Ndinagwiritsa diso."

"Diso lake liti? Lomwe munandisankhira ine, kapena linalo?"

"Usaseke, Sezim. Bambo sakhululuka bodza. Ndili ndi zaka khumi ndinanama za mwana wa nkhosa amene anasowa, mpaka lero amaikumbutsa alendo akabwera."

"Ine sindikuseka. Mwana akutsokomola. Kawauzeni."

"Ndiwauza. Ndipeze kaye mpata wabwino."

Mpata wabwinowo sunapezeke. Pa chakudya chamadzulo Meder anatsegula pakamwa kawiri, ndipo kawiri konse anaikamo mkate.

Lachisanu m'mawa Sezim anayesa khomo lina. Mai Burul anali m'chipinda chatsopano, akuzungulira ndi mbale ya nthambi za mkungudza zofuka, kufukiza m'makona ndi pansi pa paipi.

"Ndi maso a anthu awa," ankadandaula. "Ndinawauza bambo ako kuti asamaonetse aliyense. Mkazi wa a Kubat anati 'koma ndiye yokongola', osalavula n'komwe kuti apewe tsoka. Ukuona zake?"

"Amayi," anatero Sezim chapansipansi, "mwina si maso. Mwina yangopendekeka. Mbali yakuzenera yakwera."

Mai Burul anaima n'kuiyang'ana rediyetayo, diso limodzi atatsinzina. "Yapendekeka? Mwana wanga, bambo amenewa ndakhala nawo zaka makumi anayi. Ukhoza kuwauza kuti mphuno yawo ndi yokhota, aseka. Koma chitsulo chawo?"

"Tangoyesani, amayi. Musanene kuti zachokera kwa ine."

Mai Burul anapita, mbale yofuka ili m'manja. Sezim ankamva zonse ali kuseri kwa nsalu.

"Bambo a Meder, ine ndimangoganiza. Kodi chinthu chija sichinapendekeke?"

"Chapendekeka n'chiyani?"

"Chitsulo chija. Mwina."

"Bwera kuno. Bwera! Werenga. Izi ndi zingati?"

"Ziwiri."

"Nanga izi?"

"Ziwiri."

"Njerwa ziwiri uku, njerwa ziwiri uku, za chikombole chimodzi. Simenti mwana anaika levulo. Ndiye chipendekeke n'chiyani, mutu wakowo?"

Mai Burul anabwerera kukhitchini nkhope ili gwa. "Ndawerenga ndekha, mwana wanga. Ndi ziwiri ziwiri. Usadandaule, ubongo wa mayi woyamwitsa umatero. Ine nditabereka Meder ndinathira mchere mu jamu."

Sezim anafuna kufotokoza za simenti, koma kutero kukanakhala kumupereka mwamuna wake kwa mayi ake, ndipo mai Burul sasunga mawu kupitirira kapu imodzi ya tiyi. Anangoluma mlomo.

Nthawi yomweyo a Kubat analowa ndi nzeru zatsopano, chipale chofewa chili mbuu pa chipewa.

"Ndagona ndikuganiza. Madziwa ndi akale. Atopa. Tiwachotse onse, titsuke, tithire atsopano."

"Madzi amatopa?" anafunsa a Toktosun.

"Nanga inu simutopa? Mafuta a thirakitala timasintha chifukwa chiyani?"

A Toktosun tsiku labwinobwino akanawathamangitsa. Koma Loweruka linali mawa, ndipo munthu womira amagwira ndi udzu womwe. Anazimitsa mbaula. Anatsegula mpopi wapansi, madzi akuda ngati khofi n'kumatuluka m'ndowa, Meder n'kumakataya panja pomwe ankaundana asanafike pageti. Nyumba yonse inazizira. Sezim anakhala pabedi atavala chikhoti cha mwamuna wake, Umut ali mkati pachifuwa, mabulangete atatu pamwamba. Ankamva kamtima ka mwana kakugunda, ndiponso katsokomola kaja, khe, khe, kouma. Anachita mantha enieni, mantha amene sanawadziwepo asanabereke.

Kudzaza kunatenga maola atatu. Meder ankakwera makwerero ndi ndowa kukathira mu thanki ya kudenga, bambo ake ali pansi kulamula. Atayatsanso moto, onse anakaima m'chipinda chatsopano manja ali pa paipi, ngati anthu opempherera wodwala. Kutentha kunalowa. Kunayenda. Kunafika pakati.

Kunaima pomwe paja.

"Khulu khulu," inatero paipi.

A Toktosun anakhala pansi pa simenti yozizirayo. Anavula chipewa n'kumachitembenuza m'manja.

"Sindikumvetsa," anatero, ndipo mawu awo anali a munthu wokalamba. "Ndawotcherera mathanki a mkaka. Ndawotcherera mlatho wa kumtsinje uja, mpaka lero magalimoto akudutsa. Mapaipi awiri okha andikanike? Kapena manjawa atha, ine osadziwa?"

Meder anayang'ana kudenga. Sezim, ali kuseri kwa nsalu, anamva chisoni mpaka misozi inalengeza. Anakwiyanso, osadziwa kuti akwiyire ndani.

Loweruka kunacha kowala, kozizira koopsa. Mai Anara anaimba kuti anyamuka kusanache ndipo adutsa kale paphiri lalikulu. Mai Burul anali atakazinga timandasi tambirimbiri, nyama ya nkhosa ili pamoto, poti mlendo ndi mlendo ngakhale akubwera kudzakulanda. Ankakanda ufa akulira.

Cha m'ma teni a Kubat anafika atanyamula makina odulira zitsulo.

"Tsopano ndaipeza," anatero. "Mapaipi tinawalumikiza chadodolido. Madzi akufuna kulowera pansi. Tidule apa ndi apa, titembenuze, tiwotcherere."

"Tikhuthulenso madzi onse?" anafunsa Meder.

"Nanga tidula ali momwemo?"

A Toktosun anayang'ana rediyeta yawo nthawi yaitali. "Madzi otentha salowera pansi, Kubat. Zimenezo ngakhale mbuzi ikudziwa." Anapuma. "Koma china ndilibe. Meder, kazimitse moto."

Sezim anamva. Kuzimitsa moto, kukhuthula, kudula, kuwotcherera, kudzaza: mayi ake akanapeza nyumba yonse ili ngati firiji, mwana ali m'chikhoti. Sakanakhala n'komwe pansi kuti amwe tiyi. Ndipo rediyetayo ikanakhalabe yozizira. Anayang'ana mwamuna wake amene ankadutsa kupita kumbaula. Meder anathawitsa maso.

"Dikirani kaye," anamuuza. "Musakhudze motowo."

Anakonza mpango kumutu. Anamukulunga Umut m'bulangete lankhosa, n'kutenga botolo la mafuta odzoza mwana, lija lobulungira. Pakhomo la chipinda chatsopano anawerama monga mwa mwambo, n'kulowa, maso ali pansi. Amuna aja anangoti kakasi. Anayenda mpaka kuzenera, n'kunjuta, nkhope ataitembenuzira kwa mwana.

"Umut," anatero, "taona, mwana wanga. Ndikuonetse masewera."

Anagoneka botolo pa simenti n'kulisiya. Botolo linaganiza pang'ono. Kenaka linayamba kugubuduka, pang'onopang'ono, kenaka mothamanga, kudutsa pakati pa miyendo ya a Kubat, mpaka linakagunda chitseko kuti kho.

Maso onse anali pa botolo.

"Waona, Umut?" anapitiriza Sezim, osadzutsa mutu. "Chipinda chako chili ndi chitunda. Kuzenera kuno ndi kumtunda, kuchitseko ndi kumunsi. Agogo ako anawotcherera bwino, palibe podontha ngakhale pamodzi. Njerwa zawonso ndi zofanana. Koma njerwa zofanana zikakhala pachitunda, paipi nayo imakwera chitunda. Ndiye mpweya, mwana wanga, uli ngati mbuzi, umakonda pamwamba. Wakwera wadzakhala kuno kumapeto. Madzi akabwera akupeza malo atatengedwa kale, akubwerera. Tikhuthule kakhumi, mpweyawo uzibwerera pomwepa, chifukwa ulibe khomo lotulukira."

Umut anayasamula.

A Kubat anatsegula pakamwa. "Inetu ndimafuna kunena zomwezo..."

"Kubat," anatero a Toktosun, "khalani chete."

Anapita kuchitseko, anatola botolo lija, anabwerera nalo kuzenera. Sezim anasendera kumbali. Nkhalambayo inagoneka botolo pansi. Linagubuduka, kho. Anakalitenganso. Analiika pakona ina. Linagubuduka, kho. Mai Burul anali atafika pakhomo, manja ali ufa okhaokha, akuyang'ana botolo ngati lalodzedwa.

"Koma njerwa ndi ziwiri ziwiri," ananong'ona.

"Meder," anaitana a Toktosun, osatembenuka.

"Bambo."

"Levulo ija."

"Inali kwa a Kubat, bambo."

"Aa, ine musandilowetsemo," anatero a Kubat. "Ine ndinali ku ukwati."

"Masiku atatu," anatero a Toktosun. "Ndaphika siling'i. Ndagamphula penti. Ndaziziritsa khanda tsiku lathunthu. Ndafika pokayikira manja angawa. Iwe uli pomwepo, ukudya mkate." Anapukusa mutu. "Ya mwana wa nkhosa ija ndimati ndiisiye chaka chino. Tsopano ndapeza ina. Imeneyi ndidzaifotokoza mpaka pa ukwati wa Umut."

Sezim anadikira, maso ali pa bulangete. Ankadziwa kuti zimene wachita zili m'malire. Mtengwa wa chaka chimodzi waphunzitsa apongozi ntchito yawo, pamaso pa aneba. A Toktosun akanatha kutuluka osanena kanthu, ndipo nyumba ikanazizira mwa mtundu wina, umene malasha sauthetsa.

A Toktosun anakhosomola. Anawerama pang'ono, manja ali kumbuyo, n'kuyang'ana kankhope kamene kankasuzumira m'bulangete.

"Umut," anatero. "Iwe mayi wamkulu iwe. Tafunsa kwanuko. Mbuzi imeneyi tiitulutsire pati?"

Sezim anayang'ana mwana. "Umut, auze agogo kuti pamwamba penipeni pa paipi yam'mwamba, kumapeto kuno. Kabowo kakang'ono, ngati ka msomali. Moto asazimitse, madzi asakhuthule. Akonzeretu sikuluu yokhala ndi kamphira, ndi beseni."

"Umut, uwauze kuti sikuluu yotero ndili nayo, ya malata. Meder! Ukuyang'ana chiyani? Chiboolero chamanja chili m'bokosi lobiriwira. Kubat, makina anuwo kaikeni panja asanalume munthu. Mayi, beseni!"

Sezim anabwerera kukhitchini ndi mwana, koma nsalu anaisiya yotsegula. A Toktosun anagwada n'kuyamba kupukusa chiboolero. Chitsulo chinali chochindikala, poti iwo sapanga zinthu zopepera. Thukuta linatuluka pamphumi m'chipinda chozizira chomwecho. Tizidutswa ta chitsulo tinkagwa pa simenti. Kenaka chiboolero chinalowa mwadzidzidzi, ndipo atachizula panamveka kuti tsiiiii, ngati tayala la njinga.

"Mayo! Ikuphulika!" anakuwa mai Burul, n'kuponya beseni.

"Gwira beseni, iwe! Ndi mbuzi ija ikutuluka."

Mpweya unalira nthawi yaitali moti a Kubat anayamba kuwerenga mokweza. Mkati mwa paipi munamveka khulu khulu, khulu khulu, kuthamangira kuzenera. Kenaka kabowo kanalavula, kanalavulanso, madzi n'kutumphuka mpaka pa ndevu za a Toktosun. Iwo anatseka ndi chala, n'kulowetsa sikuluu, n'kumanga.

"Meder, kathire ndowa imodzi kudenga. Thamanga."

Kenaka anaika chikhatho pakati pa paipi, pamalo paja pomwe kutentha kunkaima masiku onsewa. Anadikira. Anasuntha dzanja pang'ono. Anadikiranso. Anasunthanso. Dzanja linayenda, linayenda, mpaka linafika kuzenera, linatsika pa cholumikizira, linayamba kubwerera ndi paipi yam'munsi. Atafika kuchitseko anaimirira, n'kupukuta ndevu ndi chipewa, n'kupukutanso m'maso ngati kuti namonso mwalowa madzi.

"Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa," anatero a Kubat.

"Mlendo ndinu," anayankha a Toktosun. "Uyu ndi mwini nyumba."

Galimoto ya mai Anara inalowa pageti itangokwana thu koloko. Anatsika atavala chikhoti chofika m'mapazi, nkhope ili yokonzekera nkhondo. Analonjerana ndi asewere awo mwachidule, n'kulunjika kukhitchini. Kuseri kwa nsalu kunalibe munthu. Anawalozera chipinda chatsopano. Pawindo madzi oundana anali atasungunuka, akutsika m'mizere. Makapeti anali atayalidwa, Umut ali m'tulo m'kabedi kake, Sezim atakhala pambali wopanda chikhoti.

Mai Anara anayang'ana uku ndi uku. Anavula golovesi n'kugwira paipi, kuzenera kwenikweniko.

"Aaa!" Anaika zala m'kamwa. "Bwanji osandichenjeza?"

"Pepani asewere," anatero a Toktosun ali pakhomo. "Ndi ntchito yamanja chabe."

Mai Anara anamvetsera kupuma kwa mwana nthawi yaitali. Ananena kuti Lolemba Sezim apite naye kuchipatala akamuone katsokomolako, ndipo iwo sachoka mpaka atamva zimene adokotala anene. Kenaka anavula chikhoti n'kufunsa ngati m'nyumba muno muli tiyi.

Alendo atakhala pa chakudya, a Toktosun anabwereranso ku chipinda chija. Anagogoda, chinthu chimene sanachitepo m'nyumba yawoyawo. Sezim anaimirira n'kuwerama. Iwo anapita pa kabedi, n'kuika sikuludiraiva yaing'ono kumiyendo kwa mwana.

"Umut, ichi upatse mayi ako. Mbuzi ija ikadzabweranso, asadikire masiku atatu. Angomasula." Anakanda m'khosi, n'kuyang'ana kuchitseko ngati kukubwera munthu, n'kutsitsa mawu. "Ndiye uwafunsenso, akapeza nthawi. Rediyeta ya kuchipinda kwathu, mbali imene amagona agogo ako aakazi, siinafundepo chiikireni. Chaka chino ndi cha khumi ndi chimodzi."

"Ndamva!" anakuwa mai Burul ali m'khonde, thireyi ya makapu ili m'manja. "Zaka khumi ndi chimodzi mukundiuza kuti ndi magazi anga ochepa!"

Sezim anabisa nkhope m'bulangete la mwana, mapewa akugwedezeka. Atatha kupuma anatola sikuludiraiva ija n'kuiika m'thumba la epuloni.

"Umut," anatero, "auze agogo kuti mawa ndikakolopa kumeneko, tione kumene madzi athawire."